Makina a Bana Chanda Ankamva Mphepo

Ndikukumbukira Kabwata wa masiku amene salaula anali atangosefukira mu Lusaka. Mumsewu wathu aliyense ankanunkha fungo limodzi, lija la mankhwala a m'mabelo a zovala zakale, kuyambira mphunzitsi wa katekisimu mpaka kondakitala wa minibasi. Atate anali atachotsedwa ntchito kampani yawo ya boma itagulitsidwa. M'mawa ankakwera basi kupita ku msika wa Soweto kukaoda tomato ndi anyezi, n'kudzaziyala pa kathebulo pakhomo, iwo atakhala pambali ngati akungoothera dzuwa, kuti odutsa asaganize kuti malondawo ndi awo.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya Bana Chanda, mayi wa ku Luapula, wamtali, wosadziwa kunong'ona. Anali telala. Kale ankasoka madiresi a ukwati ndi mayunifomu a sukulu, koma salaula atabwera ntchito yawo inasanduka yofupikitsa mathalauza a azungu aatali miyendo ndi kuchepetsa malaya. Makina awo akuda opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde, ndipo pansi pake panali thumba la ufa lodzaza ndi zodulidwa: miyendo ya mathalauza, manja a malaya, tizidutswa ta zitenje. Ife ana tinkatolamo zopangira mpira.

Chaka chimenecho ndinali giredi sikisi, ndipo amama anali ndi pakati. Palibe anandiuza. Kwathu mimba siitchulidwa, ndipo ana tinkauzidwa kuti makanda amagulidwa ku chipatala. Koma maso ndinali nawo. Ndinkaona mmene amama ankamangira chitenje m'mwamba, mmene ankagwirira chitseko podzuka, ndi dothi limene ankadya mobisa kuseri kwa nyumba.

Ndinkadziwanso chifukwa chake m'nyumba munalibe kanthu kalikonse ka mwana. Atate akadali pa ntchito, amama anayembekezerapo mwana wina, ndipo ulendo umenewo anakonzeka mokwanira. Anagula shawelo yoyera m'sitolo ya m'tauni, tizipewa, timasokosi, ndi beseni latsopano, n'kumazitulutsa mu sutikesi kuonetsa anzawo a kutchalitchi. Mwanayo anabadwa ali chete. Anakamuika azimayi okhaokha, popanda kulira mokweza, monga mwa mwambo, ndipo anamukulunga mu shawelo yomwe ija. Pambuyo pake azakhali ena ankanong'onezana kuti amama anaonetsa zinthu msanga, kuti mwana sumukonzera malo asanafike. Amama anamva. Anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti kanthu ka mwana sikadzalowanso m'nyumba mwawo mwanayo asanalire.

Ine nkhawa yanga inali mphepo. Aliyense amene anagonapo pa simenti ya ku Kabwata mwezi wa Juni akudziwa zimene ndikunena. Zenera la kuchipinda linali lotsekedwa ndi katoni pamene galasi linasweka, ndipo mabulangete athu anali atatha moti ukawayang'anitsa kudzuwa unkaona munthu akudutsa. Ndinkati ndikagona n'kumaganiza kuti kamunthu kamene kakubweraka kadzafunda chiyani. Atate sakanatha kuthamangira kusitolo tsiku lomwelo ngati kale. Ndiye ndinatsimikiza mumtima kuti ndisoka ndekha chofunda, ngakhale kuti chimene ndinali nditasokapo m'moyo wanga chinali batani limodzi, nalonso linathothoka tsiku lomwelo.

Ndinapita kwa Bana Chanda nditaweruka kusukulu, n'kuwauza zonse mofulumira ndisanachite mantha. Anasiya kupalasa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Neli, amako aziba?"

"Iyayi, ba anti."

"Awe mwandi, uzanipayisa." Anapukusa mutu, koma phazi lawo linali litakankha kale thumba lija kuti lifike pamene ndinaima.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nawonso anali asanasokepo bulangete la zigamba. Ali mtsikana anagwirapo ntchito m'nyumba ya mzungu wina ku Woodlands, ndipo kumeneko kunali chofunda chotere pabedi la alendo. Tsiku lina akuchichapa, chidwi chinawakulira, anamasula ulusi pakona kuti aone m'kati. Anapeza kuti n'zitatu: pamwamba zigamba zolumikiza, pakati chofunditsa, pansi nsalu imodzi, zonse zitagwiridwa pamodzi ndi mizere ya ulusi. Anasokanso konayo mwamsanga dona asanabwere. Sukulu yawo yonse inali imeneyo, ndipo ndi imene anandiphunzitsa nayo, molimba mtima ngati anachita kupita ku koleji.

Tinadula kachikatoni ka bokosi la sopo kukhala ka mbali zinayi zofanana, kukula ngati chikhatho changa. Ndinkakaika pa nsalu, n'kuzungulira ndi kachidutswa ka sopo wotha, n'kudula ndi sizasi yawo yaikulu imene inkandisiya matuza pa chala. Makina anandikaniza. Ankati makinawo ndi mwamuna wawo wachiwiri, ndipo ndi yekhayo amene sanawakhumudwitsepo. Ine anandipatsa singano, imene iwo ankaitcha nyeleti, ndi ulusi wotsala pa zovala za makasitomala.

Mzere wanga woyamba ndinausoka mtima uli m'mwamba. Ndinkasankha zigamba chifukwa cha kukongola basi: ka sikipa yofiira apa, ka thalauza ya khaki apo, ka diresi yoterera pambali pake. Nditalumikiza mizere ingapo, chinthucho chinakana kugona pansi. Chinafufuma pakati ngati chipewa, ngodya zikuyang'ana kumwamba. Bana Chanda anachinyamula ndi zala ziwiri, n'kuseka mpaka kutsokomola, kenaka anachivala kumutu n'kufunsa mayi wina wodutsa ngati chikuwakhala. Ndinalira ndi mkwiyo. Atatha kuseka tinakhala pansi tonse kufufuza chimene chalakwika, ndipo tinapeza kuti nsalu ya sikipa imatamuka pamene khaki satamuka, ndiye zikasokedwa pamodzi zimakokana.

"Masula," anatero. "Yamba futi."

Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri nyengo imeneyo moti ndinkawalota. Ndinamasula chifukwa ndinadula zigamba ndendende pa mzere wa sopo osasiya malo a msoko, ndiye ngodya sizinkakumana. Ndinamasula chifukwa ndinasoka chigamba china chozondoka. Ndinamasula chifukwa misoko yanga inali yotalikirana moti Bana Chanda ankalowetsapo chala n'kundikodola nacho. Koma ine ndine wouma mutu chibadwire, amama ankati ndinatengera kuchimuna. Ndikamasula ndinkaluma mlomo n'kuyambanso. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kukoka nsalu iliyonse ndisanaidule kuti ndione ngati ikutamuka, kusita msoko uliwonse ndi nsimbi ya makala ndisanalumikize wina, ndi kusoka tating'onoting'ono, kubwerera m'mbuyo kamodzi pakapita misoko ingapo kuti ulusi usathawe.

M'thumba muja munalinso zidutswa za zitenje za zipani, za chakale ndi chatsopano chomwe, zimene anthu analandira pa misonkhano ya kampeni n'kudzasoketsa malaya. Nsalu yake inali yabwino, yosatamuka. Ndinafuna kuikamo nkhope ya mtsogoleri wina chifukwa inkakwana bwino pa kachikatoni kanga, koma Bana Chanda anakana. Anati khanda lisayambe moyo likugona ndi andale, lidzakula lonama. Tinadula m'mbali mokha, mwa maluwa ndi mizere, ndipo zipani ziwirizo zinagona moyandikana popanda kugendana.

Madzulo ena atate anatulukira pakhonde la Bana Chanda atanyamula jasi lawo labuluu la kuntchito, lija limene ankalipachika kuseri kwa chitseko chichotsedwereni, osalola aliyense kulikhudza. Ine ndinabisa zigamba pansi pa siketi. Iwo sanandiyang'ane n'komwe. Anaika jasilo pa mpando n'kunena kuti, "Bana Chanda, mwina mungapezemo kopukutira makina." Ndipo anabwerera ku tomato wawo. Nsalu ya jasi limenelo inali yolimba koma yofewa chifukwa chochapidwa zaka zambiri, ndipo ndinadulamo zigamba zokwanira kuzungulira m'mbali monse.

Nsalu ya pamwamba itatha, inagona pansi bwinobwino, ngodya zambiri zikukumana. Ndikuti zambiri, osati zonse. Koma inkanunkhabe salaula, ndipo sindikanalola khanda kupuma fungo limenelo. Loweruka lina Bana Chanda atapita ku City Market kukagula ulusi, ndinaichapa ndi sopo, n'kuitsukuluza, kenaka n'kuiyanika pa waya wa pakati pa nyumba zathu ziwiri. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiione bwino ikuuluzika. Kunyada kunandiiwalitsa kuti waya umenewo ndi umene amama ankayanikapo zovala tsiku lililonse.

Amama anatuluka ndi beseni la zochapa m'manja, n'kuima. Chinthucho chinali chaching'ono kwambiri moti sichikanafunditsa munthu wamkulu, ngakhale mwana wa msinkhu wanga. Panalibe chofunsa. Anaika beseni pansi pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira pamimba.

"Nelia, n'chiyani ichi?"

Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanaikonda mbamayo kuposa zimene ndinaona. Amama sanali okwiya, anali ndi mantha, ndipo ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu.

"Ufuna ndikataye wina?" anatero motsitsa mawu. "Chotsa. Katenthe pa mbaula, ine ndikuona."

Ndinkawamvera chisoni kwambiri amama, komabe mumtima ndinkati ngakhale andimenye mpaka mawa, sinditentha. Tinaima choncho, iwo uko ine uku, nsalu ikudontha madzi pakati pathu. Ndi pamene Bana Chanda analowa pa geti ndi kathumba ka ulusi. Anayang'ana amama, anayang'ana ine, anayang'ana pa waya, ndipo anakuwa ngati wagwira wakuba.

"Imwe amake Neli, musagwile nsalu yanga! Iyo ni ya mashini yanga. Mashini imvela mpepo, ikagona chabe m'mawa ikana kuyenda. Nauza uyu mwana anitungileko chovinikila."

Amama sanali mwana. Anayang'ana makina aja pakhonde, amene anagona osafunda zaka zonse chibwerereni Bana Chanda ku Kabwata. Anayang'ana zigamba zabuluu za jasi la atate. Kenaka anawerama n'kunyamula beseni lawo.

"Ngati n'cha makina, chikhale kwa makina," anatero. "Chisaponde pakhomo panga."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkasokera poyera. Pakati tinaikapo bulangete lakale lotuwa limene Bana Chanda ankasitirapo, lokhala ndi chipsera cha nsimbi pakona, ndipo pansi tinaikapo chitenje chawo chakale chofewa. Tinaziyala zitatuzo pa simenti, kuzisalaza ndi manja, n'kuzigwiriza ndi misoko ikuluikulu kuti zisaterereke. Ndiye panayamba ntchito yeniyeni, yoboola zonse zitatu ndi singano, mzere ndi mzere. Poyamba ndinayambira m'mphepete, ndipo nsalu inasonkhana pakati n'kupanga thumba. Masula, yamba futi. Tinaphunzira kuti umayambira pakati n'kumapita kunja. Chala changa chapakati chinabooka mpaka Bana Chanda anandipangira chotetezera ndi kachikopa ka lilime la nsapato.

Dzuwa likamalowa ankandilanda ntchitoyo n'kuifunditsa makina mwaulemu, kuwasisita pamwamba, n'kunena mokweza kuti msewu wonse umve, "Gonani bwino, ba mashini." Makasitomala ankaseka. Azimayi a mumsewu wathu onse ankadziwa mwini wake weniweni, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula. Ankangofunsa kuti, "Chofunda cha makina chafika pati?" Amama akamadutsa ankayang'ana kumbali. Koma tsiku lina ndinawaona pa zenera la kukhitchini akundiyang'ana ndikusoka, ndipo maso athu atakumana anatseka katani.

Mwana sanadikire nthawi yake. Ndinabwera kusukulu masana ena a mphepo yoopsa, ija youluza fumbi ndi mapepala, n'kupeza pakhomo pali zii, tomato ali pa thebulo wopanda womuyang'anira. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti amama awatengera ku kiliniki m'mawa. Bulangete linali lisanathe. Mbali zitatu ndinali nditapinda ndi kusoka, koma yachinayi inali yotsegula, bulangete lotuwa lija likuonekera. Ndinakhala pakhonde la Bana Chanda n'kuyesa kulowetsa ulusi pa singano, koma ndinalephera.

Atate anafika akuthamanga, opanda jekete. Anali atalisiya ku kiliniki kuti afunditse mwana. Anati ndi mwamuna, walira, koma ndi wochepa kwambiri, ndipo anamwino akuti chachikulu asazizidwe. Anaima pakati pa bwalo akuyang'ana uku ndi uku ngati chofunda chigwa kuchokera kumwamba. Bana Chanda anavundukula makina awo, anasolola singano imene ndinaisiya pa nsalu, anapinda bulangetelo n'kundipatsa kuti ndinyamule.

Ku kiliniki ana sankaloledwa kulowa kwa azimayi obereka. Ndinatsala panja pa benchi ya simenti, Bana Chanda n'kulowa nalo. Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira zenizeni. Ndinaganiza kuti amama alikana. Ndinaganizanso choipa kuposa apo, chakuti mwina azakhali aja ankanena zoona, mwina ndine ndamuitana msanga mwanayu ndi singano yanga, ndipo bulangete langa litsatira njira ya shawelo ija. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale la pa chakudya.

Bana Chanda anatuluka manja ali lende, opanda kanthu. Anakhala pambali panga n'kupumira m'mwamba.

"Amako bakamba ati niuze mashini kuti babweleka chabe," anatero. "Bazabweza."

Amama anagwiritsitsa mawu amenewo. Atabwera kunyumba, kamwanako kali m'kati mwa zigamba zanga moti kankaoneka mphuno yokha, aliyense wobwera kudzaona akayamikira bulangete ankayankha kuti, "N'lobwereka, ndi la makina a Bana Chanda." Ankamugoneka pachifuwa pawo, bulangete pamwamba, mbaula ili pakona. Ine ndinkati ndikadzuka m'mawa, choyamba n'kukayang'ana ngati zigamba zikukwera ndi kutsika. Mchombo unagwa, mwana anatulutsidwa panja, atate anamutcha Limbani, koma amama ankatibe n'lobwereka. Mphepo inatha, kunayamba kutentha, masaya a Limbani anayamba kutuluka.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza amama atakhala pa mpasa pakhomo, Limbani ali kumsana, bulangete lili pamiyendo. Ankasoka mbali yachinayi ija. Misoko yawo inali yaing'ono ndi yowongoka kuposa yanga yonse. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Ngodya izi sizinakumane, Nelia." Ndinati inde, amama. Anadula ulusi ndi mano, anasalaza ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Koma n'lofunda." Ndinalowa m'nyumba msangamsanga kuti asandione ndikulira.

Makina aja sanabwezeredwe chofunda chawo, ndipo Bana Chanda anadandaula za ngongole imeneyo mpaka tsiku limene anasamukira kwa mwana wawo ku Chelstone. Dzina loti Limbani linatsala la pa sukulu ndi kutchalitchi. Mumsewu wathu mwanayo ankatchedwa Mashini, ndipo lero ndi bambo wa ndevu zake, wa ana ake, koma akafika ku Kabwata azimayi okalamba amamuitanabe kuti ba Mashini, iye n'kuvomera.

Masiku ano zinthu zinasintha. Atsikana amadziwiratu ngati ndi mwamuna kapena mkazi mimba isanaoneke n'komwe, amachita phwando la mphatso mwana asanabadwe, zithunzi n'kumwaza pa foni. Sindiwadzudzula, ndipo ana awo amabadwa bwinobwino. Inenso ndimasoka mabulangete a zigamba mpaka lero, pa makina amagetsi, ndi nsalu zogula dala zimene ngodya zake zimakumana zonse. Azimayi olemera a ku Kabulonga amaitanitsa miyezi ikadalipo, ndipo ndimavomera. Koma ndimawauziratu kuti adzatenga mwana akabadwa. Ena amadabwa, ena amati ndine wachikale, ine ndimangoseka. Ndimasoka mbali zitatu, yachinayi ndimaisiya yotsegula, n'kufunditsa makina anga. Foni ikalira kuti mwana wafika ndipo walira, ndi pamene ndimalowetsa ulusi pa singano.